Kusankha ndi kumanga zipangizo pa thirakitala yaing'ono: zomwe ndaona pa munda wanga

Thirakitala yomwe ndimagwiritsa ntchito ndi yaing'ono, ya mahosipawa 25, yokoka ndi matayala onse anayi, ndipo inabwera kuchokera ku Japan itagwirapo kale ntchito. Munda wanga uli kufupi ndi Mponela m'boma la Dowa, ndipo mbali yaikulu ndi dothi la katondo lomwe ndimalimapo chimanga, soya ndi mtedza, pomwe kumunsi kuli dimba la m'dambo la dothi la makande. Ndikulemba izi chifukwa alimi anzanga ambiri amene akufuna kugula thirakitala yotere amafunsa za mtengo wake ndi kamwedwe kake ka dizilo, koma safunsa za pulawo, rija (chipangizo choungira mizere), ngolo ndi shafiti (chitsulo chozungulira chopititsa mphamvu ku zipangizo), pomwe zinthu zimenezi ndi zomwe zimachititsa kuti thirakitala ilowe m'munda kapena ingokhala pansi pa mtengo. Maganizo anga ndi akuti chipangizo chilichonse chiyenera kusankhidwa potengera miyeso ya thirakitala yeniyeniyo imene muli nayo pakhomo, osati potengera nambala yolembedwa pa boneti kapena mawu a wogulitsa.

Choyamba ndi kudziwa ntchito yomwe makinawa anapangidwira. Mathirakitala aang'ono a ku Japan, monga a Kubota, Yanmar, Iseki ndi Mitsubishi, amene anapangidwira msika wa m'dziko lawo, ankagwira ntchito makamaka m'minda ya mpunga ya madzi, akukoka rotaveta, chipangizo cha mipeni yozungulira chophwanya dothi. N'chifukwa chake ambiri amafika ndi rotaveta yakeyake, ndi opepuka kuti asatitimire m'matope, matayala ake akumbuyo ali ndi mano aatali, ndipo mpata wa pakati pa matayala ndi wochepa. Mlimi wa mpunga ku Lifuwu m'boma la Salima kapena ku Bwanje akhoza kuyamba nayo ntchito pafupifupi monga yabwerera. Ife a kumtunda, amene timagalauza nthaka youma m'mwezi wa Okutobala ndi kuunga mizere, timayenera kuwonjezera ndi kusintha zinthu zingapo.

Kumbuyo kwa thirakitala kuli mikono itatu yokolekerapo zipangizo: iwiri yam'munsi yomwe imanyamulidwa ndi hayidiroliki, ndi umodzi wam'mwamba womwe amakaniko amautchula kuti top link. Njira imeneyi anaiyambitsa ndi Harry Ferguson, yemwe analembetsa luso lake ku Britain mu 1926, ndipo inafala kwambiri ndi thirakitala ya Ford 9N mu 1939 komanso ya TE20 yomwe inayamba kupangidwa ku Coventry mu 1946. Masiku ano mikonoyi inagawidwa m'magulu potengera kukula kwa mapini. Gulu loyamba, lomwe mathirakitala aang'ono ambiri alimo, lili ndi mapini am'munsi a mamilimita 22 ndi pini yam'mwamba ya mamilimita 19, ndipo mpata wa pakati pa mikono yam'munsi ndi pafupifupi masentimita 68. Gulu lachiwiri lili ndi mapini am'munsi a mamilimita 28, yam'mwamba ya mamilimita 25, ndipo mpata wake umaposa pang'ono masentimita 80. Kusiyana kwa mamilimita asanu ndi limodzi kumaoneka kochepa papepala, koma pini ya 28 singalowe m'bowo la 22.

Nkhani imeneyi ndi yofunika kuno kwathu chifukwa zipangizo zambiri zomwe zimapezeka ku Kanengo ndi m'mabwalo ogulitsira zitsulo zakale ku Lilongwe zinapangidwira mathirakitala akuluakulu a m'maesiteti, makamaka a Massey Ferguson, ndipo zochuluka ndi za gulu lachiwiri. Ndikamapita kukayang'ana chipangizo ndimatenga tepi yoyezera, pini imodzi ya thirakitala yanga, ndi pepala lomwe ndinalembapo kutalikirana kwa mikono ikatambasulidwa mpaka pomaliza. Chipangizo cha gulu loyamba chimamangika pa thirakitala ya gulu lachiwiri mosavuta poika mabushi pa mapini, koma mbali inayo ndi yovuta. Mapini amatha kusinthidwa n'kuikapo ang'onoang'ono, ndipo nthawi zina amatembenuzidwa kuti aloze mkati kuti mikono ifike, koma chipangizo chomwe chinapangidwa ndi mapini akuluakulu kawirikawiri chimakhalanso cholemera kuposa momwe thirakitala yaing'ono ingathere. Chinanso choyenera kuona ndi pomangira top link. Pa thirakitala yanga panali chitsulo chachitali chotulukira kumbuyo ndi top link yaifupi kwambiri, zopangidwira rotaveta yokha. Kuti pulawo ndi rija zimangike bwino tinachotsa chitsulo chija, wowotcherera anapanga china chachifupi kuchokera ku chitsulo chochindikala, ndipo ndinagula top link ya utali wabwinobwino. Mathirakitala ena amabwera opanda mikono itatu konse, ali ndi pokolekera rotaveta pawiri pokha, choncho ndi bwino kusuzumira kumbuyo musanapereke ndalama.

Pa nkhani ya mphamvu, pali manambala atatu amene amasokoneza anthu. Mphamvu ya injini ndi ina, mphamvu yofika pa PTO, kachitsulo kozungulira ka kumbuyo koyendetsa zipangizo, ndi yocheperapo chifukwa ina imathera m'magiya ndi pa pampu ya hayidiroliki, ndipo mphamvu yokokera ndi yochepa koposa chifukwa imadalira kulemera kwa thirakitala ndi kugwira kwa matayala. Kuwonjezera apo, injini yopanda turbo imataya mphamvu pamalo okwera chifukwa mpweya umachepa, ndipo amisiri amawerengera pafupifupi magawo atatu pa 100 pa mamita 300 alionse. Chigwa cha Lilongwe ndi Kasungu chili pamtunda woposa mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, kutanthauza kuti thirakitala ya mahosipawa 25 kuno imagwira ntchito ngati ya 22 kapena 23. Nambala ya kulemera komwe hayidiroliki imanyamula nayonso ili pawiri. Mabuku ena amapereka kulemera kwa pa nsonga za mikono, ena amapereka kwa pa masentimita 61 kumbuyo kwa nsongazo, ndipo yachiwiriyi ndi yocheperapo komanso ndi yomwe ili pafupi ndi zoona, popeza kulemera kwa pulawo kapena silasha (chipangizo chotchetchera udzu) kumakhala kutali ndi mapini.

Chifukwa cha zimenezi sindinagule pulawo ya mbale zitatu za mainchi 26 yomwe ogulitsa ankandilimbikitsa. Makaniko amene amandikonzera makina, bambo wachikulire yemwe anagwira ntchito zaka zambiri m'maesiteti a fodya ku Kasungu, anangoti, "Bambo, imeneyo idzanyamuka, koma siidzayenda." Ndinatenga pulawo yopepuka ya mbale ziwiri zazing'ono. Ndinasankha ya mbale osati ya khasu chifukwa munda wanga uli ndi zitsa ndi mizu ya mitengo, ndipo mbale ikakumana ndi chitsa imagudubuzika n'kudutsa pamwamba pomwe khasu limakodwa kapena kupindika. Kwa amene munda wake ndi woyera ndipo amalima mvula yoyamba itagwa, pulawo ya khasu imatembenuza dothi ndi kukwirira udzu bwino kuposa ya mbale.

Kutchera pulawo kumachitikira m'munda, osati pabwalo. Polima, matayala a kumanja amayenda mu ngalande yomwe yangolimidwa, motero thirakitala imapendekera kumanja, ndipo pulawo yomwe inali yowongoka pabwalo imapendekeranso. Mukamaliza mzere woyamba ndi kulowetsa tayala mu ngalande, mumapotokola chogwirira cha mkono wakumanja mpaka pulawo itakhala mofanana ndi nthaka. Kenako mumaona ngati mbale yakutsogolo ndi yakumbuyo zikulowa mofanana: mukafupikitsa top link yakutsogolo imazama, mukaitalikitsa yakumbuyo ndi yomwe imazama. Matcheni a m'mbali mwa mikono amamasulidwa pang'ono polima kuti pulawo itsate njira yake popanda kukankha thirakitala, koma amamangidwa zolimba poyenda pamsewu komanso pogwiritsa ntchito rotaveta kapena silasha. Mathirakitala akuluakulu ali ndi njira yodzikwezera pulawo pang'ono yokha ikamva kuti nthaka yalimba, koma yanga ili ndi chogwirira chimodzi chokha chokweza ndi kutsitsa. Pachifukwa chimenechi tinaika gudumu laling'ono m'mbali mwa pulawo loletsa kuti isazame mopitirira, ndipo dzanja langa limakhala pa chogwiriracho nthawi yonse.

Thirakitala yopepuka imavutika m'njira ziwiri: matayala akumbuyo amaterereka, ndipo kutsogolo kumanyamuka pulawo ikakwezedwa pokhota. Malangizo odziwika ndi akuti gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera konse liyenera kutsalira pa matayala akutsogolo kuti chiwongolero chizimvera. Ine ndinapangitsa kabokosi kachitsulo kutsogolo momwe ndimaikamo zitsulo zolemera, zomangidwa ndi mabawuti kuti zisagwe. Kumbuyo ndinathira madzi m'machubu. Tayala limazunguzidwa kuti vavu ikhale pamwamba penipeni, madzi amathiridwa mpaka afike pa vavupo, zomwe ndi pafupifupi magawo atatu mwa anayi a tayala, ndipo malo otsalawo amapopedwa mpweya monga mwa masiku onse. Lita iliyonse ndi kilogalamu imodzi, ndipo kulemera kumeneku kumakhala pansi, kotero kumathandizanso kuti thirakitala isagubuduzike pamalo otsetsereka. Mabuku a ku Ulaya ndi ku America amanena zosakaniza madziwo ndi mankhwala oletsa kuundana, koma kuno kulibe chisanu chotero, ndipo madzi a pa mjigo ndi okwanira.

Rija ndi yomwe inandipatsa maganizo ambiri. Alangizi amatilimbikitsa kuunga mizere motalikirana masentimita 75, ndi kubzala chimanga mbewu imodzi pa phando pa masentimita 25 alionse, njira yomwe ambiri timaitcha ya Sasakawa, m'malo mwa mizere ya masentimita 90 yomwe makolo athu ankaunga. Rija ya makasu atatu otalikirana masentimita 75 imafuna thirakitala yomwe pakati pa matayala ake pali masentimita 150, kuti matayala ayende m'makwawa osaponda mizere. Yanga inabwera ndi mpata woposa pang'ono mita imodzi. Marimu akumbuyo amatha kutembenuzidwa kuti mpata ukule, ndipo njira yake ndi kusinthanitsa tayala lakumanja ndi lakumanzere, kuti mano ake apitirize kuloza kumene ankaloza. Titachita zimenezi mpata unakula, koma sunafike pa 150. Ena amaika zitsulo zotalikitsira pakati pa rimu ndi ekisulo, koma ine sindinafune, chifukwa tayala likapita kutali mabeyaringi ndi ekisulo yaing'onoyo zimasenza katundu yemwe sizinapangidwire. Ndinagula rija ya makasu awiri osunthika pa mtanda wake. Pounga mizere m'munda wogalauzidwa imagwira bwino, popeza makasu amakonzanso pomwe matayala aponda. Koma kupalira ndi kubandira chimanga chitamera sikutheka ndi thirakitala imeneyi, chifukwa matayala amadutsa pafupi kwambiri ndi mbewu ndipo mimba yake ili pafupi ndi nthaka. Ntchito imeneyo idakali ya khasu ndi aganyu, ndipo amene akuwerengera phindu la thirakitala yaing'ono aiikiretu pa bajeti.

Zipangizo zozungulira zimatenga mphamvu ku PTO, kachitsulo ka mano kotulukira kumbuyo. Muyeso wodziwika ndi mano asanu ndi limodzi, kunenepa kwa mamilimita 35, ndi kuzungulira maulendo 540 pa mphindi. Mathirakitala a ku Japan ambiri ali ndi magiya atatu kapena anayi a PTO, ndipo loyamba ndi lomwe limayandikira 540. Magiya apamwambawo anapangidwira kuphwanya matope a mpunga, ndipo kuyendetsa silasha kapena makina opukusira chimanga pa liwiro limenelo ndi koopsa. Ena mwa akale kwambiri ali ndi mano a chiwerengero china, ndipo alipo amene PTO yake imazungulira mobwerera, choncho muwerenge mano ndi kuona kumene ikuzungulira musanagule chilichonse.

Shafiti yatsopano yolumikiza PTO ndi chipangizo nthawi zambiri imabwera yaitali dala, ndipo imafunika kudulidwa. Shafitiyo ili ndi mapaipi awiri olowana, amene amafupika ndi kutalika pamene chipangizo chikukwera ndi kutsika. Ikakhala yaitali kwambiri, mapaipi amafika pomaliza chipangizo chikamakwezedwa, ndipo mphamvu yonse ya hayidiroliki imakankhira mkati mwa bokosi la magiya a thirakitala, zomwe zimatha kuswa mabeyaringi kapena bokosilo. Ikakhala yaifupi kwambiri imasolokana ikuzungulira. Ife tinamanga chipangizo popanda shafiti, tinachikweza ndi kuchitsitsa pang'onopang'ono mpaka tinapeza pomwe mpata uli wochepetsetsa, womwe kawirikawiri ndi pamene PTO ya thirakitala ndi ya chipangizo zayang'anizana molunjika. Tinasolola mbali ziwiri za shafiti, tinamanga iliyonse kumalo kwake, tinazigundanitsa m'mbali n'kulemba pofunika kudula, kusiya mpata wa masentimita angapo. Utali womwewo umadulidwa pa mapaipi onse awiri ndi pa zophimba zake zapulasitiki, m'mphepete mumasalazidwa ndi fayilo, ndipo mumapakidwa girizi. Pomaliza tinatsimikiza kuti shafiti ikatalika kwambiri, mapaipi amalowanabe osachepera gawo limodzi mwa magawo atatu a utali wake. Shafiti yodulidwira chipangizo chimodzi isamangidwe pa china musanayezenso.

Pa shafiti kapena pa chipangizo pamakhala bawuti yomwe inapangidwa kuti iduke makina akamenya mwala kapena chitsa. Ikaduka pakati pa ntchito, ndipo ku sitolo kuli kutali, woyendetsa amakopeka kuikapo bawuti yolimba kwambiri kapena kachidutswa ka chitsulo chomangira nyumba, ndipo ulendo wotsatira chomwe chimasweka ndi magiya. Ine ndimagula mabawuti ofanana ndendende ndi yomwe inabwera ndi shafiti, kukula ndi nambala ya pamutu pomwe, ndipo amakhala m'bokosi la masipanala. Mashafiti ena ali ndi kilatchi yoterereka m'malo mwa bawuti. Imeneyi imachita dzimbiri n'kumatirira ikakhala nyengo yonse ya mvula osagwira ntchito, motero isanayambenso pamafunika kumasula masipuling'i ake, kuisiya iterereke pang'ono, kenako kuwamanganso pomwe anali. Pa mathirakitala amene PTO yake imayendera limodzi ndi magiya oyendetsa matayala, monga yanga, silasha imafunikanso kachipangizo kolola shafiti kuzungulira yokha mbali imodzi. Popanda kameneko mipeni yolemera ya silasha imapitiriza kukankha thirakitala kutsogolo ngakhale mutaponda kilatchi, ndipo mukhoza kulowa mu ngalande kapena kugunda mpanda phazi lili pa buleki.

Chophimba cha pulasitiki cha shafiti sichiyenera kuchotsedwa, ndipo katcheni kake kayenera kukolekedwa kuti chophimbacho chisazungulire. Maulendo 540 pa mphindi ndi maulendo asanu ndi anayi pa sekondi imodzi, ndipo palibe munthu amene angachotse chovala chake chikakodwa. Pa nthawi yopukusa chimanga pamakhala amayi ovala zitenje akuthira zisononkho ndi ana akusewera pafupi, choncho ine ndimazinga mbali ya shafiti ndi chingwe ndi mitengo, ndipo amene akufuna kupita mbali ina amazungulira kutsogolo kwa thirakitala.

Kamangidwe ka chipangizo kali ndi ndondomeko yake yomwe imachepetsa kulimbana ndi zitsulo. Chipangizo chizisiyidwa pamalo athyathyathya, pa matabwa kapena njerwa, kuti chisamire m'dothi. Mumabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, kukoka buleki ya dzanja, kuzimitsa injini, ndipo mumayamba ndi mkono wakumanzere chifukwa sutalika kapena kufupika. Wakumanja umabwera kachiwiri popeza mukhoza kuukweza kapena kuutsitsa ndi chogwirira chake mpaka ufike pa pini, kenako top link, ndipo shafiti ndi yomaliza. Munthu asaime pakati pa thirakitala ndi chipangizo injini ikulira, ndipo pini iliyonse itsekedwe ndi kapini kake ka mphete, osati msomali kapena waya.

Rotaveta yomwe inabwera ndi thirakitala ndimaigwiritsa ntchito ku dimba kokha, dothi likakhala lonyowa pang'ono, pokonza mabedi a anyezi ndi tomato. Mipeni yake ndi yopindika, yopangidwira nthaka yofewa, ndipo pa katondo wouma imatha msanga. Kumtunda sindiikonda ngakhale mipeni ikanakhala yolimba, chifukwa imasandutsa dothi kukhala ufa, ndipo mvula yamphamvu ya Disembala ikagwa pamwamba pamauma gwa pomwe lina limakokoloka.

Chipangizo chomwe chimagwira ntchito masiku ambiri pa chaka kuposa zonse ndi ngolo. Imatuta manyowa, njerwa, mchenga ndi zokolola, ndipo ndi yomwe anthu a m'mudzi amabwereka kwambiri. Ndinasankha ya ekisulo imodzi chifukwa gawo lina la katundu limatsamira pa thirakitala n'kuthandiza matayala akumbuyo kugwira nthaka. Ngolo imakolekedwa pa chitsulo chokokera chomwe chili m'munsi mwa ekisulo, osati pa top link kapena pamalo ena okwera, chifukwa kukoka kuchokera m'mwamba kumanyamula kutsogolo ndipo thirakitala imatha kugwa chagada m'kanthawi kochepa kwambiri. Chimodzimodzinso pozula chitsa kapena pokoka galimoto yotitimira. Malire a katundu amachokera ku mabuleki osati ku injini. Thirakitala yolemera pafupifupi tani imodzi imatha kukoka matumba 40 a makilogalamu 50 pamalo athyathyathya, koma amenewo ndi matani awiri, ndipo potsetsereka ngolo yopanda mabuleki imayamba kukankha. Ine sindipitirira matumba 20, ndimatsika zitunda ndi giya yomwe ndingakwerere, ndipo mapedulo awiri a mabuleki ndimawalumikiza ndisanalowe mumsewu. Pa ngolo ndinaikapo zonyezimira ndi nyali zakumbuyo, popeza kuchokera ku munda kupita ku msika wa Mponela ndimayenda pang'ono mumsewu wa M1 pomwe mabasi ndi malole amathamanga.

Chonyamulira chakutsogolo, chomwe chimaoneka pa zithunzi zambiri za mathirakitala aang'ono a kunja, sindinagule. Ndi chodula, chimafuna mapaipi ndi mavavu ena a hayidiroliki komanso cholemera china kumbuyo, chimatopetsa ekisulo yakutsogolo, ndipo ntchito yopakira manyowa pa munda wa kukula ngati wanga imatheka ndi mafosholo. Ndalamazo ndinagulira makina opukusira chimanga oyendera PTO, amene amagwira ntchito kuyambira Meyi mpaka Ogasiti pamene pulawo ndi rija zili m'shedi. Makinawa anapangidwa ndi amisiri a konkuno kuti aziyendera injini yapadera, choncho tinasintha mapule kuti liwiro la 540 ligwirizane ndi liwiro lomwe ng'oma yake imafuna. Tinayesa ndi chimanga chouma bwino, ndipo poyamba maso ambiri ankasweka, zomwe zinasonyeza kuti ng'oma ikuthamanga kwambiri. Titaika pule yokulirapo ku ng'omako maso anayamba kutuluka athunthu, ndipo pa thirakitala ndinalemba chizindikiro ndi penti pomwe chogwirira cha mafuta chiyenera kuima, kuti mnyamata amene amayendetsa ine kulibe asapitirire pamenepo.